Mlendo wa Lachinayi

Ndinawatenga padoko la Kotor dzuwa lisanalumphe phiri,
nkhalamba imodzi, jekete labulauni, ndodo yachitsulo,
papepala: Bambo Vukota, ochokera ku Melbourne.
Analipira galimoto yonse okha,
mipando isanu ikungonyamula mphepo.

Ine khasu langa ndi pakamwa.
Zaka khumi ndi zitatu ndagulitsa nyanja iyi
kwa anthu a zipewa zotambalala,
mpaka mawu anga anasalala
ngati masitepe a tchalitchi opondedwa ndi aliyense.
Ndinati: uko ndi ku Perast.
Kachilumba ako anakaunjika ndi manja,
amalinyero akuponya mwala m'madzi
nthawi iliyonse nyanja ikawabweza amoyo.
Iwo anangogwedeza mutu.
Foni sanatulutse. Mtengo wa khofi sanadandaule.
Mumtima ndinati, lero ndanyamula chitsa.

Tinayamba kukwera.
Msewu wa ku Lovćen ndi chingwe chotayidwa ndi munthu wokwiya,
makona makumi awiri ndi asanu,
kona iliyonse nambala yake pakhoma.
Basi ya alendo inatitsekera pa kona yachisanu ndi chinayi,
ndinabwerera chafutambuyo, phompho likundiyang'ana pagalasi,
sitima zapadoko zitasanduka njere za mpunga.
Ndipo ndinamva kumbuyo kwanga
munthu akuwerenga chapansipansi,
m'chiyankhulo chathu,
m'katchulidwe ka anthu akumapiri komwe ana anakasiya,
akutchula nambala khoma lisanaoneke.
Ndinakhala chete makona atatu.
Kwa ine chete ndi njala, sindinamuzolowere.

Ku Njeguši utsi wa nyama yankhumba unatilonjera pakhomo,
tchizi cholimba, uchi, buledi wotentha.
Analawa pang'ono, nati tipitirire,
nandilozera kanjira kamiyala komwe mapu anga sakadziwa.
Nyumba zisanu ndi ziwiri, zinayi zopanda denga.
Pakati chitsime.
Pakamwa panga panatseguka pokha, chizolowezi:
chitsime ngati ichi, bwana, chili ndi zaka mazana atatu...

Ayi, Dunja, mwana wanga.
Anakumba ndi bambo anga chaka chomwe nkhosa zinafa.
Dothi ndinkatuta ndine, m'ndowa yobooka.

Manyazi anandiotcha makutu.
Iwo anagwada movutikira, bondo likulira ngati chitseko,
nasisita mwala wina wam'mphepete
pomwe panali kachizindikiro ka msomali, kokhota,
kolembedwa ndi mwana wosadziwa kulemba.
M'chipinda chomwe anabadwira munamera khwisa wofika m'chiuno.
Analowamo. Sanamve kuyabwa, kapena sananene.

Kenaka chitseko cha nyumba yachitatu chinatseguka.
Mayi wovala zakuda, nkhuni m'khwapa,
anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuimvi,
nthawi yokwanira kuwiritsa dzira,
nati: Vukota. Chikwakwa cha mchimwene wanga
unabwereka chija chili kuti?
Anaseka nkhalamba ija mpaka kutsamira chitsime,
kuseka kwake kunathera m'mpango.
Gospava, anatero, Gospava.
Zaka makumi asanu ndi limodzi zinakwana m'dzina limenelo.

Ine ndinakakhala m'galimoto.
Pandandanda panali Cetinje, nyumba zamafumu, Budva madzulo,
zonse zolipiridwa kale.
Ndinapinda pepalalo n'kupukutira galasi.
Maola atatu utsi unatuluka pachumuni chimodzi,
ndipo palibe anandifunsa chaka chomwe chinachake chinamangidwa.

Potsika anagona, pakamwa pali yasa,
botolo la mowa wa Gospava lili pamiyendo ngati khanda.
Makona ndinawerenga ndekha, chobwerera m'mbuyo,
magetsi a m'mbali mwa gombe akuyaka limodzilimodzi.
Padoko anandigwira dzanja nthawi yaitali.
Mwafotokoza bwino za kachilumba kaja, anatero.
Ine sindinakafikepo. Tinkangokaona tili pamwamba, tikuweta.

Mawa ndili ndi banja la anthu anayi lochokera ku Hamburg.
Afuna zithunzi, tchizi, ndi zaka mazana atatu.
Kanjira kamiyala kaja ndidzakadutsa osachepetsa liwiro.