Matope a m'Gemu Yachiwiri

Ku Brno, usiku wa Lachinayi,
chipale chofewa chikugwera pa mawaya a thiramu.
Zdislava akadali pa kompyuta, khofi anazizira kalekale.

M'gemu yoyamba ija
asilikali sankamva njala.
Mivi sinkatha m'phodo,
akavalo ankathamanga dziko lonse osachita wefuwefu,
ndipo linga lamiyala linkagumuka ngati mulu wa mbale.
Anthu anagula, anasewera, kenako analemba makalata:
"Nkhondo yanuyi yanyanya ukhondo."

Ndiye chaka chino wathiramo matope.
Ngolo zikutitimira,
buledi akuchita nkhungu mzinda usanagonje,
uta wonyowa ndi mvula ukulobodoka,
malipiro akachedwa
alonda apachipata akumanong'onezana.

Radomil, woyesa gemu, watulukira ndi kapepala:
"Pali cholakwika pa mapu achitatu.
Ndalamula anthu mazana awiri kuti awoloke mtsinje.
Awoloka onse kupatula mmodzi,
kamunthu kachisoti chachitsulo chophwanyika.
Kaponya mkondo pansi, katembenuka,
kalowera kumunda wa barele."

Zdislava wafufuza mizere ya malamulo mpaka mbandakucha.
Wachipeza. Njala yakumana ndi mantha
pa nyengo yokolola, basi.
Palibe anachilemba dala.

Chala chaima pamwamba pa batani lofufutira.
Panja thiramu yoyamba ikulira pokhota.
Pa sikirini kamunthu kaja kawerama,
kakumweta,
ng'oma zankhondo zikumveka kutsidya.

"Kasiye," watero, akutikita maso.
"Tione ngati mfumuyo
ingapambane popanda iko."