Fufutani Zonse?

Laputopu ya malemu achimwene anga a Wongani
inagona m'sutikesi miyezi khumi ndi inayi,
pansi pa majekete onunkha chinyontho cha ku Chibavi.
Titaiyatsa inabuula ngati lole pa chitunda,
kenako pakona pa sikirini panatuluka timawu:
laisensi yatha, lipirani.
Kani ngongole imatsata munthu mpaka m'makina.

Tamala Chirambo, wa pa Mzuni,
amene amachita lendi kuseri kwathu,
anabwera ndi fulashi yolendewera pa makiyi.
Anaikopera usiku ku Luwinga, anzake ali mtulo.
"Iyi ndi Linakisi," anatero. "Salipira."

Alamu anga a NyaMsiska anali kusita yunifolomu ya mwana.
Sanadzutse mutu.
"Chaulere chimabisa mbedza m'mimba."

"Ayi mama, ili ngati chovala chosokera kunja.
Ulusi wonse ukuoneka.
Wopeza pong'ambika amasoka, n'kupatsira mnzake,
ndipo palibe akulondola ndi lisiti."

"Nanga osokawo amadya chiyani?"
Tamala anaseka. Sanayankhe bwinobwino.

Makina anayamba mafunso ngati kalaliki wa kuchipatala.
Chiyankhulo?
Tinatsika mndandanda wonse, tinakweranso:
Chitumbuka sitinachione, Chichewa sitinachione.
Muli kuti?
Panabwera mapu a dziko lapansi,
ndinaloza kwathu, pamene nkhungu imatsika ku Kaning'ina,
iwo akuti Blantyre.
Ndinalozanso chakumtunda. Blantyre.
"Ndi za nthawi chabe," anatero Tamala.
Tinavomera. Tinazolowera kale.

Ndiyeno funso lija.
Fufutani zonse za m'katimu?

Simbi inaima pa kolala.

Munali zithunzi mazana atatu ndi khumi ndi ziwiri,
zambiri za mbande za khofi, zochepa za ife.
Munali mayina a amene anakongola simenti osabweza.
Munali kalata yofunsira ntchito
yothera pakati pa chiganizo: ndili ndi luso la
Tinazisamutsira mu fulashi ina, chimodzichimodzi,
monga mmene timatulutsira katundu m'nyumba tisanasinthe denga.
Komabe chala changa chinakana batani.

A NyaMsiska anaimika simbi chilili,
anapukuta dzanja m'chitenje,
anadina okha.
"Mwana akufuna polembera. Bambo ake sali umu."

Kamzere kanayamba kukwawa.
Kunja mvula ya ku Mzuzu, yosapempha odi,
inayamba kuwerenga malata.
Kamzere katadutsa theka, magetsi thii!
Batire la achimwene limasunga moto mphindi khumi ndi imodzi,
ndinkadziwa, ankadandaula nalo ali moyo.

Tinathamanga.
Tamala atakumbatira laputopu yotsegula ngati khanda,
ine ambulera pamwamba pake, msana wanga pamvula,
matope ofiira mpaka m'mawondo,
wa kabaza akutikuwiza kuti tapenga,
mpaka kwa Suzgo wometa, amene ali ndi sola.
Anazula makina ake pasoketi
n'kusiya kasitomala mutu theka.
Tonse tinazinga tebulo,
ndi wometedwa thekayo yemwe, nsalu ili m'khosi,
kuonerera kamzere kakutha ulendo wake.

Yatsaninso, anatero makina.
Mdima pang'ono. Mtima m'mwamba.
Kenako kuwala kwachilendo, koyera ngati kope latsopano,
kopanda wotiitanitsa ndalama.
Inafunsa dzina la mwini wake.
Ndinalemba la mwana: Lusekelo.
Mawu achinsinsi adasankha yekha madzulo,
atatiuza tonse kuti titembenuke.

Tsopano imadzuka msanga, sibuulanso.
Zina sitinazidziwe, pulinta ya kutchalitchi ikuikana,
Tamala akuti abwera Loweruka.
Koma usiku, mwana akamalemba za kusukulu,
ndimaona zala zake zikutera pa A ndi pa N,
mabatani awiri amene zilembo zake zinafufutika kalekale
ndi thukuta la atate ake.
Pamenepo makina sanatifunse kanthu.