Madzi Akaphwa mu Nyakamba

Madzi akaphwa mu Nyakamba
anzanga amathamangira kudimba ndi mbewu ya mbatata,
ine ndimatsikira m'khwawa
ndi kathumba kotha shuga
ndi botolo la madzi amchere a pamjigo.

Chigumula ndi mbala yosadziwa kusunga.
Chinanditengera mbuzi zitatu ndi chitseko,
koma pokhota mtsinje, patsinde pa msangu wogwa,
chinakhutula zonse zimene chinafukula kumtunda.

Ndimayenda chowerama ngati wotaya singano,
dzuwa la ku Ngabu litandikhala pakhosi.
Mwala suitana munthu.
Umayamba waulavulira,
n'kuupukuta ndi chala chachikulu,
ndiye umaphenyula diso:
mizere yabuluu yozungulirazungulira
ngati madzi amene mwagwa mphonda ya mgwalangwa.

Chanaze akuti ndamaliza matumba a mathalauza onse.
"Anzako akutola thonje,
iwe ukutola chimene ngakhale nkhuku ikana."
Koma dzana ndinamupeza pawindo
atauloza kudzuwa woyera uja,
wosongoka ngati dzino la ng'ona.
Atandiona, akuti amangopukuta fumbi.

Kunabwera wina wa galimoto, sikelo ili m'manja,
kufunsa kuti mgodi wanga uli pati.
Ndinamulozera kumene kuli chitedze.

Umene ndimaukonda sunyezimira n'komwe.
Ndinaupeza njira ya kumadzulo, m'chigwembe chouma,
chikuni chabwinobwino,
makungwa ake, mfundo yake, pothyoka nthambi.
Ndinati ndikasonkhere moto.
Ponyamula, mkono unadabwa:
mtengo unaumitsa mtima mpaka kusanduka mwala.
Chiswe chinabwera usiku womwewo,
chinazungulira, chinalawa,
n'kubwerera kuchulu ndi njala.

Unamera liti mtengo iwe?
Shire anali atadziwa kale njira yake?
Inatera pa iwe ndi mbalame yanji,
kapena kunalibe n'komwe mbalame?
Ndimafunsa madzulo udzudzu ukayamba,
iwe uli duu pakhonde, kutsamira khoma.

Madzi adzabweranso, tonse tikudziwa.
Zidina za nyumba ino zidzasungunuka ngati mchere,
miyala yanga idzabwerera kumchenga
osatsanzika.
Tsiku lina kamwana kothamangitsa mbuzi
kadzapunthwa pa wabuluu uja,
kadzatukwana, kadzawerama,
kadzaulavulira.