Mbale Ziwiri ku Chirimba

Tinenenji wasiya nyama.
Anandiuza Lachiwiri usiku, magetsi atazima,
ine ndikukolokosa mafuta m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi.
Akuti si matenda, si mpingo,
si mnyamata wa ku koleji wamuzunguza mutu.
Akuti ndi maso.
"Ababa, munayamba mwaiyang'anapo m'maso?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pachiwaya
pafupi ndi siteji ya minibasi.
Mbuzi ndimakaitenga ku Lunzu kusanache,
miyendo inayi m'chingwe chimodzi, pakaliyala,
ndipo njira yonse imalira
ngati khanda losiyidwa pakhomo la eni.
Ndimaimva. Anati sindiimva ndani?
Ndimangopalasa mwamphamvu.

Wozinga si ine, ndi Che Mdoka.
Mpeni amanolera kuseri kuti mbuzi isaone,
amayamba aipatsa madzi,
amanong'ona dzina la Mulungu.
Ine ndimagwira miyendo
nkhope nditalozetsa ku Michiru.

Ndiye ndinamuyankha mokweza,
monga achitira munthu wopezeredwa.
Yunifolomu yako ya sitandade wanu inali nthiti.
Fizi ya ku sekondale, chiwindi ndi matumbo opota.
Laputopu imene waphunziramo chifundo chakocho
ndi mbuzi makumi awiri ndi zitatu,
ndinaziwerenga ndekha.
Masamba ukuwatamawo tinawadya miyezi isanu
chaka chimene mayi ako anagona ku Gulupu,
bonongwe wamadzi, wopanda ndi tomato yemwe,
ndipo panalibe wotiwombera m'manja.
Nthawi imeneyo dzina lake linali umphawi.
Lero amubatiza lachizungu,
ku Namiwawa kambale ka masamba osaphika
kakuposa mtengo wa mwendo wathunthu.

Sanakweze mawu. Amatero mwanayu, anatengera kuchikazi.
"Ndikudziwa, ababa. Makumi awiri ndi zitatu.
Ngongole imeneyo ndi yanga.
Sindikufuna kuiwonjezera, basi."

Ndinasowa pogwira.
Ndinati, nyemba zakozo zimatha makala
kuposa kanyenya wanga wa tsiku lonse,
pita ukaone phiri la Ndirande mmene lametedwera.
Nanga anankafumbwe a m'nyembamo alibe maso?
Nanga mbewa zimene khasu limadula m'munda wa soya?
Anaseka, kenako anasiya.
"Alinawo. Koma amenewo sindichita kuwagwira miyendo."

Magetsi anayaka pomwepo
ndipo tonse tinayang'ana pansi.

Loweruka ndinayang'ana.
Sindinafune, khosi linangokana kutembenuka.
Inali yaikazi, yamawangamawanga, khutu limodzi long'ambika.
Diso lake lachikasu ngati tiyi wopanda mkaka,
kamzere kakuda kogona chopingasa,
ndipo mkatimo munali kamunthu kovala chipewa changa.
Sinandifunse kanthu.
Inali ikutafunabe khoko la nthochi.
Che Mdoka anati, gwiritsa, mdala, bwanji lero?
Ndinagwiritsa.

Pofika fili koloko chiwaya chinali mbee.
Makondakitala ananyambita zala,
mayi wina woyembekezera anapempha kachiwindi
akuti kusikelo amuuza kuti magazi achepa.
Ndinamuwonjezera nthuli ziwiri zaulere.
Kaya ndinkalipira ndani.

Pobwerera ndinaima pa benchi ya Nasibeko,
ndinagula nkhwani ndi nsinjiro za faifi handiredi.
Anandiyang'ana ngati ndalakwitsa khomo.

Tsopano pamphasa pamakhala mbale ziwiri.
Yanga ili ndi fupa, yake ilibe.
Dzulo ndinapisa dzanja m'mbale yake.
Mchere unachepa, ndinamuuza.
Anati onjezerani nokha.

Titatha, anakhuthula thumba langa la epuloni,
nayamba kuwongola ndalama zamafuta zija
imodziimodzi pabondo pake,
kupatula za lendi, za mbuzi ya mawa,
za minibasi yake ya Lolemba.
Pa za mbuzi zala zake zinaima pang'ono.
Kenako anazipinda bwinobwino
n'kundipatsa.