Diso Laling'ono

Anaibweretsa atakulunga m'thumba la feteleza,
a Bizeki a kwa Tengani, thukuta lili kamukamu.
Akuti nyale iyi yapenga.
Dzuwa lili paliwombo, mbuzi ikadutsa, yayaka.
Nkhuku ikadutsa, yayaka.
Pofika usiku batire latha, khola lili bii,
ndipo Lachiwiri atonde awiri anachoka osatsanzika.

Pa Bangula mwezi wa Okutobala
malata amadandaula okha padenga.
Ndinamasula masikuluwu anayi,
limodzi linagwa pansi, silinapezekenso.

Nyale zotere zili ndi maso awiri, a Bizeki.
Lalikululi, loyera ngati dzira la njiwa,
limamva kutentha kwa chilichonse chodutsa.
Ili lilibe mlandu.
Koma onani kanzake aka, kanjere ka mphodza,
kali ndi mzere wokhotakhota pankhope
monga achitira Shire poyandikira Chiromo.
Ntchito yake ndi imodzi basi:
kuuza nyale kuti kwacha, gona.

Mavu anali atamangapo nyumba yadothi.
Ndinapala ndi nsonga ya singano,
a Bizeki naseka, dzanja lili kale m'thumba.
Ndinati dikirani.

Ndinagusitsa timiyendo ta mita uku ndi uku.
Diso lamoyo ukalitseka ndi chala manambala amakwera,
ukachotsa chala amatsika ngati madzi a mu Epulo.
Ndinatseka. Zii.
Ndinatuluka nalo pabwalo, ndikuliloza kudzuwa lenilenilo,
dzuwa lopsereza mapira. Zii.
Kwa ilo kunali pakati pa usiku,
ndipo kunakhala choncho miyezi ingati, kaya.

Madzi aja anaipeza nyaleyi?
Iwo anayang'ana kumsewu, kabaza akudutsa.
Tinaitsitsa, anatero, tinaikweza m'bwato
pamodzi ndi mbewu ndi ana.
Thumba lina linanyowa.
Sananene zambiri, inenso sindinafunse.

Ndinalondola tinjira tamkuwa pabolodi
ngati mlenje wotsata mapazi pamchenga,
apa dzimbiri lobiriwira, apa poyera.
Ndinafika pa lezisita, kampunga kovala mikanda,
ndipo mikandayo inasungunuka pamaso panga.
Chofiira ndi chofiirira zinagwirana manja.
Ndinapukuta magalasi ndi malaya. Chimodzimodzi.

Ntsayi! Tasiya mabotolowo, bwera undiwerengere.

Mwana anawerama, mpweya wake ukununkha malambe.
Chofiirira, chakuda, chachikasu, anatero.
Mita inavomera: lezisita ali bwino.
Koma bambo, mwendo wa kadisoka ndi wothyoka.
Pati?
Apa, pansi pa mtovu, mng'alu ngati tsitsi.
Ndinayang'ana pamene chikhadabo chake chinaloza
ndipo ndinati eya, ndauona.
Sindinauone.

Ndinamupatsa chitsulo chowotchera.
Utsi woonda unakwera, dontho limodzi lonyezimira,
dzanja lake silinanjenjemere.

Kenako tinapanga usiku masana:
chitseko tseke, chiguduli pawindo,
katoni pamwamba pa bolodi.
A Bizeki anagwedeza chipewa mumdimamo.
Ngwee!
Mpaka akangaude a kudenga anaoneka.
Tinatsegula chitseko, kuwala kunalowa ndi fumbi lake,
iwo navina patsogolo pa nyale, manja m'mwamba,
nyale ili phee, yagona tulo take.

Analipira theka.
Theka linalo milamba iwiri yowamba,
ndi lonjezo la pamene thonje lidzagulidwe.

Atapita ndinakhala pakhomo pa shopu.
Ndinatseka diso lamanzere ndi chikhatho:
msewu, njinga, mayi wosenza nkhuni.
Ndinatseka lamanja:
utsi wokhawokha, ngati akutentha tchire kutsidya.

Ntsayi, longedza zida, kwada.

Iye anasuzumira kunja, sikuluwu ija ili m'manja,
waitola kaya kuti.
Ayi bambo, anatero,
dzuwa likadali pamwamba pa mlambe.