Mphindi Zitatu

Chaka chimene ndinali m'giredi sikisi
anandipatsa chitsulo ndi wotchi yoduka lamba.
Belu lathu linali limu ya lole yakale
yolendewera pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi,
ndipo ine Gelesomu, mwana wa telala wa ku Kapata,
ndinasanduka mwini nthawi.

Hafu sikisi aliyense ndi ntchito yake:
a giredi folo kutola mapepala,
a faivi kuwaza madzi kuzungulira chifanizo
kuti Amayi Maria asaime m'fumbi,
akuluakulu a seveni kuzimbudzi, mphuno atazibisa m'kolala.
Seveni koloko ndimenye katatu.
Mizere, wamfupi kutsogolo,
chizindikiro cha mtanda, nyimbo ya dziko,
kenaka a Miti ndi rula yawo
kuyendera zikhadabo, masokosi, tsitsi, kuseri kwa makutu.
Wofika pemphero litayamba agwade pa geti,
dzina lilowe m'buku lofiira.
Likalowa katatu, kaitane kholo.

Tikambenji analibe kholo lokaitana.
Anali ndi azakhali otupa miyendo ku Nabvutika
ndi beseni la zitumbuwa
lofunika kufika pa siteshoni ya mabasi kusanayere.
M'buku muja anali atalowamo kale kawiri.

Lachinayi lina m'mwezi wa Juni,
kuzizira kolowa mpaka m'mano,
muvi wautali unafika pamwamba penipeni,
dzanja langa lili m'mwamba ndi chitsulo,
ndipo kutali, cha ku mlatho wa Lunkhwakwa,
kadontho kabuluu kakuthamanga, nsapato zili m'manja.

Ndinawerama.
Chingwe cha nsapato yanga chinali chomanga bwinobwino.
Ndinachimasula, ndinachimanga,
ndinachimasulanso.
Ndinapukuta galasi la wotchi ndi mkono wa juzi.
Atadutsa pa geti, akupumira m'mwamba,
ndinaimenya limu ija mpaka dzimbiri linayoyoka.

Masamu a tsiku limenelo anafupika,
palibe anadandaula.
Koma masana, sukulu yonse itaima chilili
pa pemphero la Mngelo,
choko chitasiyidwa pakati pa chiganizo,
mawu anandikakamira pakhosi ngati mbatata yopanda madzi.

Lachisanu loyamba la mwezi tinkalapa, kalasi ndi kalasi.
Ndinagwada pa thabwa losalala ndi mawondo a anzanga.
Bambo, ndinaba.
Unaba chiyani, mwana wanga?
Nthawi.
Ya yani?
Ya sukulu. Mphindi zitatu.
Kuseri kwa kansalu kunakhala zii,
kenaka chifuwa, chifuwa chachilendo chogwedeza mapewa.
Tikuoneni Maria atatu, anatero Bambo Njobvu,
mmodzi pa mphindi iliyonse.
Kodi uli nazobe kuti ukabweze?

Ndinalibe.
Ndipo Juni asanathe ndinabanso ziwiri,
Julaye zinayi.

Windo la Sisitere Pelepetuwa linkayang'ana mtengo wa mango.
Pakhoma pawo panali koloko yosanama,
ankaikonza ndi wailesi m'mawa uliwonse.
Tsiku lotsekera, ndikubweza wotchi ndi manja awiri,
sanadzutse mutu pa malipoti amene ankasaina.
Anangoti, Gelesomu,
zingwe za nsapato zako zimavuta nthawi yozizira.
Ndinayang'ana simenti.
Anatsegula dirowa, naikamo wotchi,
ndipo teremu yotsatira anandipatsanso
osanena kanthu.

Tikambenji sanadziwe.
Chaka chisanathe anamutenga amalume ake a ku Katete,
beseni lija linatsalira wina.
Ndinamva kuti anakwatiwa, ndinamvanso kuti ayi.

Dzana ndinaperekeza mdzukulu wa mlongo wanga kukalembetsa.
Mango uja anaudula, pali kalasi ya makompyuta.
Buku lofiira lilipobe, chikuto chatsopano.
Seveni koloko yeniyeni kunalira belu lamagetsi,
ana atatu anagwada pa geti,
wina mwa iwo akununkhira mafuta okazingira.
Ndinayang'ana kabokosi kotuwa pamwamba pa khomo la ofesi.
Kamalira bwino, sikaphonya,
kalibe nsapato.