Wofiira ku Wofiira

Bambo atamwalira tinagawana masipika
monga anthu agawanira mbuzi.
Ina inatsala ndi ine kuno ku Bembeke,
ina Gelevaziyo anaimanga pa kaliyala
n'kupalasa wa ku Lizulu osacheuka.
Zaka khumi ndi ziwiri.
Yanga ndinkaikapo beseni.
Yake ankakhalira pogulitsa kabichi.

Loweruka lapitali anatulukira nayo m'nkhungu,
mwana wake Felesita ali pambuyo ndi katoni:
ampu yatsopano yogula ku boda,
yopepuka ngati buledi,
kadiso kabuluu kakuphethira.
Ya bambo ija ankanyamula anthu awiri,
ndipo inkafunditsa chipinda mwezi wa Juni.

Titatsegula kumbuyo kwa yanga
munatuluka mphemvu, zitsononkho zosiya makoswe,
ndi lisiti la ukwati wina wa ku Masasa
umene mpaka lero sunamalize kulipira.
Pepala la pakamwa pake linali litang'ambika.
Tinalimata ndi guluu ndi kansalu ka duku la mayi.

Mabowo sankadziwana.
Zakale zimafuna waya wamaliseche,
wopota ndi zala, wofinya ndi sikuluu.
Yatsopano imafuna timitu tonyezimira.
Felesita anasenda waya ndi lezala,
anapukuta dzimbiri ndi phulusa,
nawerenga manambala ofufutika kumbuyo:
eyiti uku, eyiti uko.
Musaope azakhali, sizipsa.

Gumbagumba inasowa khomo lolowera.
Titaikakamiza, inangonong'ona
ngati munthu wolapa kwa ansembe,
njuchi zikulira pansi pa mawu ake
chifukwa cha kawaya kena kosowa kwawo.
Tinaibwezera pa sefa, tidzaona.
Choimbira makaseti lamba wake anasungunuka kalekale,
tinadula mphira wa chubu cha njinga.
Chinazungulira, motsimphina, koma chinazungulira.

Nyimbo inatuluka, inde,
koma yowonda, yopanda mimba,
ng'oma ikumveka ngati chitini cha mafuta.
Gelevaziyo anati, yakoyi inafa ndi chinyontho.
Ine ndinati, yakoyo unaipha ndi matako.
Tinayambanso za munda wa kudimba,
za malata, za amene sanabwere pa sadaka.

Mwana uja sanatiyankhe.
Anagwada pakati pa mabokosi awiriwo,
chala china apa, china apo,
maso atatsinzina ngati namwino womvera mtima.
Kenaka anati:
iyi ikamakankha, iyo ikukoka.
Zonse n'zamoyo, zikungodyerana mawu.
Anazimitsa, namasula, natembenuza mawaya awiri okha,
wofiira ku wofiira,
wakuda ku wakuda.

Makapu m'kabati ndiwo anayamba kudziwa.
Laimu anayoyoka pakhoma.
Galu anathawira kuseri kwa nkhokwe.
A Nasibeko, amene ankakumba kachewere kutsidya,
anaweramuka khasu lili m'manja
n'kuyang'ana kuno nthawi yaitali,
ngati aona munthu amene anamuika okha m'manda.
Mawu akuya aja analowera kumapazi,
nakwera mpaka pachifuwa,
pamene ankafika ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
nditagona pa matumba kuseri kwa chisakasa cha ukwati,
bambo akutembenuza kaseti ndi bolopeni.

Ndinaona phazi la Gelevaziyo likugunda pansi,
chidendene chokha, lamanzere,
monga ankachitira mwini wake.
Sindinamuuze.

Magetsi anazima faifi isanakwane.
Kadiso kabuluu kanatsinzina,
makutu akulirabe.
Felesita anamanga ulusi pa waya wofiira
kuti mawa ndisasokoneze.
Palibe anafunsa kuti zigona kwa yani.
Mchimwene anayeza waya ndi mkono,
kawiri, ngati sakukhulupirira,
nati, ndi wamfupi uyu, ku Lizulu safika.
Ndinati, safikadi.

Anakankha njinga yopanda katundu mpaka pamsewu.
Chingwe chomangira anachiiwala pakhonde,
kapena sanachiiwale.